Miyezi 14 ndi VPN pa Linux: pamene inakanira, ndi chimene chinali kumbuyo kwake

Nditalemba za VPN (msewu wobisika wolumikizira kompyuta ku netiweki ya kutali kudzera pa intaneti) pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux, ulendo woyamba, n'kuti nditangoigwiritsa ntchito milungu iwiri, ndipo ndinaitamanda mopyola muyezo. Ndinati ukangotenga fayilo ya .ovpn n'kuilowetsa mu NetworkManager (pulogalamu yoyendetsa za netiweki pa Ubuntu), kulemba dzina ndi pasiwedi, basi walowa. Sindinaname, zinalidi choncho. Kungoti milungu iwiri ndi yochepa kuti munthu aweruze chinthu chimene chimadalira satifiketi, wotchi ya kompyuta, netiweki ya eni ake ndiponso mapulogalamu amene amasintha iwe uli mtulo. Pano papita miyezi 14, ndipo yandiimitsa ntchito maulendo 6. Chimene chinkaoneka pa sikirini chinali chimodzimodzi pafupifupi nthawi zonse, koma matenda ake anali osiyana ulendo uliwonse.

Kuti timvane, zimene ndili nazo ndi izi. Laputopu inayamba ndi Ubuntu 22.04, pano ili pa 24.04. Ku ofesi kwathu kuli seva yaing'ono imene ndinaikapo pulogalamu ya VPN yotchedwa OpenVPN ndekha, masatifiketi ake (mafayilo otsimikizira kuti wolowayo ndi ndani) ndinapanga ndi Easy-RSA. Palinso VPN yachiwiri ya anthu ena amene ndimawagwirira ntchito mwa apo ndi apo, ndipo seva yawo sindiigwira n'komwe. WireGuard, pulogalamu inanso ya VPN, inabwera pambuyo.

Chimene chimandikwiyitsabe mpaka lero ndi kauthenga kamene kamatuluka pamwamba zinthu zikakanika: "Activation of network connection failed". Kamangokuuza zimene waona kale ndi maso ako. Miyezi yoyambirira ndinkangodina batani lija kawiri, katatu, ngati lidzamva chisoni. Tsopano sindidinanso kachiwiri ndisanatsegule terminal n'kulemba journalctl -u NetworkManager -f, kenako n'kuyatsa VPN uku ndikuwerenga zimene zikutsika. Zikapanda kumveka, ndimamusiya NetworkManager pambali n'kuyendetsa pulogalamu yeniyeniyo ndi sudo openvpn --config ofesi.ovpn --verb 4. Mzere umene mukuufuna kumapeto ndi "Initialization Sequence Completed". Ukaoneka, msewu watseguka, ndipo ngati zinthu zikuvutabe ndiye kuti vuto lili kwina. Ukapanda kuoneka, werengani mizere khumi yomaliza modekha.

Vuto loyamba linali la mtundu wa "vuto lili kwina" womwewu. Nditaiyatsa popanda NetworkManager, VPN inalumikiza bwinobwino, ping 10.8.0.1 (lamulo loyesera ngati seva ikufikirika) ikuyankha, koma ndikalemba dzina la seva ya mafayilo, kuli zii. Manambala akudutsa, mayina ayi: imeneyo ndi DNS, imene imasandutsa mayina a makompyuta kukhala manambala a adiresi. Ndinathamangira kukasintha /etc/resolv.conf pamanja, n'kupezamo 127.0.0.53 yekha, ndipo zimene ndinalembamo zinafufutika pasanapite nthawi. Pa Ubuntu fayilo imeneyi ndi chikwangwani chabe, mwini ntchito ndi systemd-resolved. Lamulo la resolvectl status linaonetsa kuti tun0, khomo la VPN pa laputopu, ilibe seva ya DNS ngakhale imodzi. OpenVPN 2.5 pa Linux imalandira DNS kuchokera ku seva koma siyiika yokha, imafuna script yoti ichite zimenezo. Nditaika openvpn-systemd-resolved n'kuwonjezera mizere ya up ndi down mu fayilo, pamodzi ndi script-security 2, zinatha. Ukalumikiza kudzera mwa NetworkManager, iye amachita yekha ntchitoyi, n'chifukwa chake milungu yoyamba ija sindinazione.

Lachiwiri ndi limene linandiphunzitsa kwambiri, ndipo wolakwa ndinali ine.

Mwezi woyamba womwe, mnzathu wina anataya foni imene inali ndi fayilo ya VPN. Ndinachita zoyenera: ./easyrsa revoke kuti satifiketi yake ife, ./easyrsa gen-crl kuti ndipange mndandanda wa masatifiketi oletsedwa (CRL), kenako mzere wa crl-verify pa seva. Ndinadziona ngati katswiri ndithu, n'kuiwalako. Patatha miyezi 6, m'mawa wina, VPN inakana. Log ya pa laputopu inkangobwereza kuti "TLS key negotiation failed to occur within 60 seconds (check your network connectivity)". Mawu omalizawo anandisocheretsa. Ndinazimitsa rauta n'kuiyatsanso. Ndinayesa intaneti ya pa foni. Ndinayang'ana ufw, mlonda wa makomo a netiweki pa Ubuntu, ndinayang'ana ngati port 1194 yatsekedwa penapake. Ndili mkati mochita zimenezi, mauthenga anayamba kulowa: uyu akuti zakana, uyonso akuti zakana. Apa m'pamene mutu unabwerera m'malo mwake. Anthu anayi, pa manetiweki anayi osiyana, sangadwale intaneti pa ola limodzi.

Choseketsa n'chakuti njira yokhayo yolowera pa seva ndili kutali inali VPN yomweyo. Ndinachita kupita kukakhala pa kiyibodi yake. Log ya kumeneko inanena poyera mu mzere umodzi: "VERIFY ERROR: depth=0, error=CRL has expired". Mndandanda uja uli ndi tsiku lothera ntchito, ndipo Easy-RSA imaupatsa masiku 180 ukapanda kusintha. Ukatha, seva simangosiya kuugwiritsa ntchito ayi, imakana aliyense, wabwino ndi woipa yemwe, popeza ilibenso potsimikizira kuti ndani waletsedwa. Ndipo imakana mwakachetechete, osamuuza kasitomala chifukwa chake, moti iye amangodikira masekondi 60 n'kuimba mlandu netiweki. Chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinali ndi tsiku lake lolembedwa m'fayilo momwemo, ine osaliwerenga.

Kukonza kwake kunatenga mphindi ziwiri: gen-crl kachiwiri, kukopera crl.pem pamalo pake, n'kuonetsetsa kuti fayiloyo ikuwerengeka ndi nobody, akaunti yopanda mphamvu imene OpenVPN imayendera, chifukwa seva yanga imatula mphamvu za root ikangodzuka. Ngati muli ndi crl-verify pa seva yanu, lekani kaye kuwerenga izi mukalembe openssl crl -in crl.pem -noout -nextupdate, muone tsiku lanu. Ena amakweza EASYRSA_CRL_DAYS kufika pa 3650 kuti aiwaleko. Pa kaofesi ngati kathu sindikuona cholakwika, inenso ndinakweza. Koma masatifiketi a anthu nawonso amatha, Easy-RSA yanga inawapatsa masiku 825, choncho tsiku limenelo ndinalilemba mu kalendala. Kuyambira pamenepo, VPN ikakana, funso langa loyamba limakhala lakuti: yakana kwa ine ndekha kapena kwa tonse?

Lachitatu linabwera ndi kukweza sisitimu. Ubuntu 24.04 inatuluka mu Epulo 2024, ine ndinadikira mpaka 24.04.1 itatuluka mu Ogasiti. Nditakweza, VPN ya ku ofesi inalumikiza ngati palibe chachitika, koma ya anthu ena ija inakana, fayilo yomweyo imene inagwira ntchito dzulo lake. Ulendo uno log inandichitira chilungamo: "OPTIONS ERROR: failed to negotiate cipher with server", n'kunditchulira kuti seva ikufuna AES-256-CBC. Nkhani yake ndi yakuti 22.04 inali ndi OpenVPN 2.5, pamene 24.04 ili ndi 2.6, imene inatuluka mu Januwale 2023. Mu 2.6, mzere wakale wa cipher suwerengedwanso pokambirana ndi seva za kabisidwe ka uthenga. Chimene chimawerengedwa ndi data-ciphers, ndipo mmenemo mwachibadwa muli AES-256-GCM, AES-128-GCM ndi CHACHA20-POLY1305. Seva yawo ndi yakale, imangodziwa CBC. Ndinawonjezera mzere wa data-ciphers AES-256-GCM:AES-128-GCM:AES-256-CBC ndipo inalowa.

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti nditabwerera ku ma log akale, ndinapeza kuti 2.5 inkandichenjeza tsiku lililonse ndi mawu akuti "DEPRECATED OPTION", kunena kuti mtsogolo cipher idzanyalanyazidwa. Popeza zinkalumikiza, sindinkawerenga. Apa ndiwonjezere chenjezo limodzi. Mukasaka thandizo la mavuto a mtundu umenewu, makamaka okhudza masatifiketi akale amene OpenSSL 3.0 imawakana, mupeza anthu ambiri akukuuzani kuti muike @SECLEVEL=0. Zimagwiradi ntchito, monga momwe kuchotsa loko pa chitseko kumathetsera vuto la kiyi wovuta. Ngati mwapanikizika tsiku limenelo, chitani, koma muwauze eni seva kuti akonze mbali yawo.

Zitachitika zimenezi ndinaika WireGuard pa seva ya ku ofesi. Inalembedwa ndi Jason Donenfeld ndipo inalowa mu kernel ya Linux pa 5.6, mu Malichi 2020, choncho mbali yake yaikulu ili kale mu sisitimu. Fayilo yake ndi mizere pafupifupi khumi, ilibe masatifiketi otha ntchito, ilibe zokambirana za cipher. Mavuto awiri aakulu amene ndafotokozawa sangachitike n'komwe. Imalumikiza usanaphethire, ndipo ukachoka pa Wi-Fi kupita pa intaneti ya foni imangopitiriza. Koma ili ndi khalidwe limodzi lofunika kulizolowera: siyankhula. Ukalemba wg-quick up wg0 imadzuka mosangalala ngakhale seva itazima, ngakhale kiyi italakwika. Chizindikiro chobiriwira sichitanthauza kanthu. Choona chili mu sudo wg show. Ngati mulibe mzere wa "latest handshake" (nthawi yomaliza imene laputopu ndi seva zinalonjerana), ndipo pa transfer pakuoneka 0 B received uku zotumiza zikukwera, dziwani kuti mukuyankhula nokha.

Pa WireGuard pomwepa ndi pamene ndinakumana ndi vuto lozunguza mutu kuposa onse. Handshake ilipo, ping ikuyankha, ssh, yolowera pa seva uli kutali, ikulowa mpaka kundipatsa polemba. Koma ndikangolemba ls mu foda ya mafayilo ambiri, terminal imauma gwa. Masamba a mkati mwa ofesi amatsegula mutu wokha n'kuima. Pa Wi-Fi ya kunyumba zonse zili bwino, pa hotspot ya foni ndi pamene zimachitika. Zing'onozing'ono zikudutsa, zikuluzikulu zikukakamira pakhomo: imeneyo ndi MTU, malire a kukula kwa paketi imodzi ya uthenga. Netiweki wamba imanyamula mapaketi a ma byte 1500. VPN imakuta paketi iliyonse ndi chovala chake, n'chifukwa chake wg-quick imachotsapo 80 n'kuika 1420. Koma ngati msewu wa pansi ndi wopapatiza kale, 1420 imakhalabe yaikulu, ndipo uthenga woti "chepetsa" ukatsekedwa panjira, paketi imangosowa popanda wodandaula. Ndinayeza ndi ping -M do -s 1392 kupita ku seva, poti 1392 kuphatikiza 28 ya mitu ya IP ndi ICMP imakwana 1420. Sinabwerere. Ndinatsika pang'onopang'ono mpaka inayamba kuyankha. Mapeto ake ndinangolemba MTU = 1280 mu fayilo, nambala yotsikitsitsa imene IPv6 imalola, ndipo sindinaonepo kusiyana kwa liwiro pa ntchito zanga.

Awiri otsalawo ndi a m'malo a eni ake. Kwina Wi-Fi ya alendo inali pa 192.168.1.0/24, chimodzimodzi ndi ofesi yathu. Lamulo la ip route get 192.168.1.20 linaonetsa kuti laputopu ikufunafuna seva yathu m'chipinda chomwecho m'malo mopita nayo mu VPN. Ndinaika njira ya adiresi imodziyo ndi /32 kuti ndimalize ntchito, koma mankhwala enieni ndi kusamutsa ofesi kuchoka pa manambala amene rauta iliyonse imabadwa nawo, ndipo ulesi wandigwira mpaka lero. Kwina anatseka UDP yense wosadziwika (UDP ndi TCP ndi njira ziwiri zotumizira uthenga pa intaneti). WireGuard imayenda pa UDP pokha, ndiye pamenepo ilibe chochita, kaya musinthe port 51820 kukhala ina. OpenVPN imatha kuyenda pa TCP, ndipo pa port 443 malo ambiri amailola chifukwa ndi momwe masamba a https amadutsira. Imachedwa, makamaka netiweki ikamataya mapaketi, koma imalowa.

Chifukwa cha chimenechi sindinaichotse OpenVPN. Tsiku ndi tsiku ndimagwiritsa ntchito WireGuard, ndipo munthu akandifunsa choyambira lero pa seva yake ndimamuuza imeneyo. OpenVPN ya pa TCP 443 imakhala chire ngati tayala lapadera, ndipo ndimaiyatsa kamodzi pamwezi kuti ndione ngati ikadali moyo, n'kuwerenganso machenjezo ake. Pa kukhazikika, miyezi yonseyi sindinaone pulogalamu iliyonse mwa ziwirizi ikugwa yokha. Pa kufotokoza vuto, OpenVPN imalongolola koma imathandiza, WireGuard imafuna kuti uzidziwa kale pofunsa, ndipo kauthenga ka pa sikirini kaja sindikawerengeranso.

Chimodzi chandikanikabe. Laputopu ikagona ndi VPN ya OpenVPN ili yoyaka, nthawi zina ikadzuka chizindikiro chimaonetsa kuti yalumikiza koma palibe chikuyenda, mpaka keepalive itazindikira patatha mphindi ziwiri. Ndayesa kuchepetsa ping-restart, zinachepako koma sizinathe. Panopa ndimangolemba nmcli connection down ofesi kenako nmcli connection up ofesi, ndipo mizere iwiriyi ndinaiika pa batani limodzi la kiyibodi.