Kulowetsa JSON mu Power BI: Power Query kapena SQL Server

Fayilo ya JSON (mtundu wa fayilo yosunga deta m'malemba) siyalidwa ngati tebulo, chifukwa oda imodzi ya kasitomala imatha kukhala ndi mndandanda wa katundu m'kati mwake, pomwe Power BI, pulogalamu yopangira malipoti, imafuna mizere ndi makolamu.

Njira yoyamba ndi kutsegula fayiloyo mu Power Query (chida cha mu Power BI chokonzera deta) n'kumatambasula gawo lililonse lolembedwa kuti Record (gulu la magawo) kapena List (mndandanda) mpaka zonse zitaonekera. Njirayi ndi yachangu ndipo siifuna luso la SQL (chilankhulo cha pakompyuta chogwirira ntchito ndi deta ya m'matebulo), koma ili ndi misampha iwiri yomwe ambiri amaizindikira mochedwa. Power Query imasunga mayina a makolamu omwe inawapeza poyamba, choncho gawo latsopano likawonjezedwa mu JSON silionekera mu lipoti. Komanso, mukatambasula mndandanda wa katundu, mtengo wonse wa oda umabwerezedwa pa mzere uliwonse, ndipo ndalama zikaphatikizidwa zimaposa zenizeni.

Njira yachiwiri ndi kuyamba mwaika detayo mu SQL Server, pulogalamu yosungira deta m'matebulo, momwe OPENJSON (lamulo lowerengera JSON), yomwe inabwera mu 2016, imakuthandizani kupatula maoda ndi katundu m'matebulo awiri olumikizana. Izi zimadya nthawi ndipo zimafuna munthu wodziwa SQL. Pa fayilo yongoiona kamodzi, Power Query ndi yokwanira, koma pa malipoti a ndalama a mwezi ndi mwezi, ine ndimasankha SQL Server.