Hositelo yotchipa pafupi ndi doko la Phra Athit ku Bangkok: nyenyezi 4 mwa 5

Ndapereka nyenyezi zinayi, ndipo ndineneretu kuti zitatu mwa izo ndi za pamalo pomwe nyumbayi ili komanso za mayi amene amakhala pa kauntala masana. Bedi, bafa ndi kadzutsa zonse pamodzi zangokwanira nyenyezi imodzi yotsalayo. Ndalemba motalika dala chifukwa pamene ndinkasaka pogona sindinapeze ndemanga ya munthu wakwathu, munthu amene madola ake wachita kuwatolera movutikira ndipo sakufuna kuti ngakhale imodzi ipite pachabe.

Ndimachita kabizinesi ka zovala ku Lilongwe. Ulendo unali wokaoda katundu ku Pratunam, dera la misika ya zovala mu Bangkok, koma poti kunali kufika koyamba ndinati ndiyambe ndaudziwa mzinda ndisanamasule mpango wa ndalama za katundu. Ndinasungitsa bedi m'chipinda cha amayi okhaokha, pamtengo wosafika 400 baht usiku umodzi. Munali mu Ogasiti, nyengo ya mvula kumeneko, ndipo dola imodzi inkapereka mabaht opitirira 30 pang'ono.

Thandizo la a pahositelo linayamba ndisananyamuke. Kuyambira mu Meyi 2025 mlendo aliyense wolowa m'Thailand amadzaza fomu ya pa intaneti asanafike, ndipo fomuyo imafuna adiresi ya komwe akagone. Nditawalembera anandiyankha tsiku lomwelo. Anatumiza adiresi m'zilembo zathuzi komanso m'zilembo za Chithai kuti ndizionetsa madalaivala. Anandiuzanso kuti ndikatera pa bwalo la ndege la Suvarnabhumi ndisathamangire takisi, nditsikire pansi pomwe pamaima basi ya S1 yopita cha ku Khao San Road, msewu wotchuka wa alendo womwe uli chapafupi ndi hositeloyi. Basiyo ndi 60 baht. Takisi imayambira pa 35 baht, amawonjezapo 50 baht ya pa bwalo la ndege, ndiye ndalama za pa mageti a msewu ndi zako wokwera. Kwa munthu mmodzi wa chikwama chimodzi, basi ndiyo nzeru. Kungoti siyenda usiku, choncho onani nthawi imene ndege yanu ikutera.

Pakhomo mumavula nsapato n'kuziika pa shelefu, ndipo nyumba yonse mumayenda chopanda nsapato. Ukhondo ulipo, pamenepo sindingawanamizire: amakolopa m'mawa ndi madzulo, ndipo zofunda zinali zochapa bwino. Mabedi ndi osanjikiza. Lililonse lili ndi katani yake, kanyali kowerengera ndi soketi. Koma soketi za kumeneko sizilandira mapulagi athu a mano atatu aja, ndiye bwerani ndi adaputa. Apo ayi, pa kauntala amabwereketsa mukasiya chikole. Pansi pa bedi pali kabati kokhoma komwe kamalowa chikwama chapakatikati, loko ndi wanu. Matiresi ndi opyapyala komanso olimba. Ine sizinandivute, koma wa msana ayambe waganiza.

Tsopano za mayi aja. Mmawa woyamba, atandiona ndikuyang'anayang'ana pa foni, anatulutsa mapu a pepala n'kuwayala pa kauntala. Chingerezi chawo n'chodukaduka ngati changa chomwe, koma bolopeni yofiira inalankhula zonse. Anajambula mzere kutsata mtsinje wa Chao Phraya, nazunguliza madoko amene ndiyenera kuwadziwa: Phra Athit pomwe tili, Tha Chang potsikira wopita ku nyumba yachifumu, Ratchawong wa ku Chinatown, ndi Sathorn pomwe boti limakumana ndi sitima yam'mwamba pa siteshoni ya Saphan Taksin. Kenaka analemba mawu amodzi m'zilembo zikuluzikulu, kutanthauza mtundu wa mbendera ya boti loti ndizikwera: ya olenji. Anati la mbendera ya buluu ndi la alendo odzaona malo, limadula kuwirikiza ngakhale madzi ndi omwewo.

Boti la olenjilo linali 16 baht, utsike pafupi utsike patali. Kuchokera pa hositelo kukafika pa doko ndi kuyenda kwa mphindi zochepa, ndipo apa mpamene pagona phindu lonse la malo ano. Misewu ya Bangkok imadzaza moti galimoto imatha kuima malo amodzi mpaka kutopa, pamene pamtsinje palibe zimenezo. Boti likamayandikira doko, mnyamata wa kumbuyo amaimba wezulo mwa kamvekedwe kosiyanasiyana kuuza woyendetsa, yemwe ali kutsogolo kutali, kuti abwerere mmbuyo, aime kapena anyamuke. Amaponya chingwe, kuchikoleka pa chitsulo, boti n'kugunda matayala omangidwa m'mbali mwa doko, ndipo muli ndi kanthawi kochepa kwambiri kodumphiramo. Sadikira munthu. Mkatimo kondakitala amayenda akugwedeza kachitini kataliko kodzaza ndi ndalama zachitsulo kuti tsetseretse, n'kumang'amba katikiti ndi chivundikiro cha chitinicho. Madzi ndi a bulauni, namasupuni akuyandama milumilu. Mumakwera limodzi ndi ana asukulu, anthu a m'maofesi ndi ansembe a Chibuda ovala nsalu za olenji. Mayi aja anali atandichenjeza kuti munthu wamkazi sakhudzana nawo ansembewa ngakhale m'boti mutathinana chotani, umawapatsa mpata.

Chenjezo lawo lachiwiri ndi limene linandipulumutsira tsiku lathunthu. Anati ndikamayandikira Grand Palace, nyumba yachifumu ija, padzapezeka munthu wovala bwino, waulemu, wondiuza kuti lero kwatsekedwa chifukwa cha mwambo, n'kundipezera tuk-tuk, katakisi ka matayala atatu, yotchipa yondizungulitsa malo ena. Mapeto ake ulendowo umakathera kwa telala kapena ku sitolo ya miyala ya mtengo wapatali komwe dalaivala amalandirako kangachepe. Anati n'zoona kuti nthawi zina amatseka pakakhala mwambo wachifumu, koma ukamve zimenezo pa geti penipeni. Zinachitika ndendende. Bambo wina wa shati yosita bwino anandiimitsa m'mbali mwa mpanda woyera uja, nandifunsa kwathu, nandiuza mwachisoni kuti kwatsekedwa, atsegula masana. Ndinathokoza n'kupitirira. Nditakhota pakona ndinapeza geti lili chitsegukire, anthu ali pamzere.

Kulowa ku Grand Palace ndi 500 baht kwa mlendo, ndalama yoposa bedi langa. Anayamba kumanga mu 1782, chaka chimene Mfumu Rama I inakhazikitsa Bangkok kukhala likulu, ndipo mkatimo ndi momwe muli kachisi wa Wat Phra Kaew. N'kokongola mosaneneka, golide ndi timagalasi tamitundumitundu waliwali paliponse, koma khamu la anthu ndi dzuwa zimakulanda mtendere. Fikani pomwe akutsegula, 8:30 m'mawa. Ngati thumba likulola malo amodzi okha, ine ndingasankhe kachisi wa Wat Pho, yemwe ali chapafupi pomwepo ndipo ndi 300 baht. Kumeneko kuli chifanizo cha Buddha chogona chammbali, chotalika mamita 46, chodzaza nyumba yonse moti sungachione chonse nthawi imodzi. Umayamba ndi nkhope, n'kuyenda m'mbali mwake kudutsa zipilala mpaka kukafika ku mapazi, omwe kunsi kwake anakongoletsa ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja. Pobwerera mbali inayo pali mbale zachitsulo 108 zondandalikidwa, anthu akuponyamo makobidi imodziimodzi, ndipo nyumba yonse imangomveka ngwee ngwee ngwee. Ine ndine Mkhristu, ndinapita kukaona chabe, koma ulemu umene anthu aja amaonetsa pamalo awo opempherera unandikhudza.

Amayi anzanga, chitenje musachisiye. M'makachisi salola mawondo ndi mapewa kuonekera, ndipo ndinaona alendo ambiri akugula mathalauzi apanja pa geti mokakamizika. Ine ndinkavala bulauzi ya manja, chitenje n'kumanga m'chiuno, basi.

Kuchoka ku Wat Pho mumawoloka mtsinje pa doko la Tha Tien ndi kaboti ka 5 baht kupita ku kachisi wa Wat Arun. Nsanja yake mukaiyandikira mumaona kuti maluwa onse aja anapangidwa ndi zidutswa za mbale zadothi zomatidwa pakhoma. Madzulo imaoneka bwino kwambiri muli tsidya lino, ndipo kuyang'ana n'kwaulere.

Pa chakudya malangizo a mayi aja anali achidule: usadye mumsewu wa Khao San, lowa m'tinjira ta kuseri, pomwe waona eni dziko ali pamzere ima pomwepo. Mbale ya mpunga ndi nkhuku, kapena mpunga wa nyama yogaya yokazingira masamba onunkhira ndi dzira pamwamba, inali 50 kapena 60 baht. Mbale zake n'zazing'ono kwa ife ozolowera kukhuta, ndiye masiku oyamba njala inkandipeza msanga. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi mpunga womata umene amaupereka m'kadengu kansungwi. Umautema ndi dzanja, kuumba mbamu monga timachitira ndi nsima, n'kusunsa mu saladi ya papaya wosapsa, pambali pali nkhuku yootcha. Umenewo umakhala m'mimba mpaka madzulo. Tsabola yekha ndiye samalani. Ngakhale ife odya kambuzi, wa kumeneko amatulutsa misozi, ndiye nenani msanga kuti achepetse asanayambe kusinja.

Madzi a pampopi samwa. Pa hositelo pali thanki ya madzi akumwa aulere, mumangodzaza botolo lanu, ndipo m'tinjira muli makina ogulitsa madzi pa 1 baht lita imodzi. Kutentha kwa kumeneko n'kwa chinyezi, thukuta silikuuma, choncho kanthu kameneka kamapulumutsa ndalama zooneka. Mukagula mkaka m'sitolo ya 7-Eleven n'kuona chaka chachilendo, monga 2568 m'malo mwa 2025, musadabwe, kalendala yawo ili patsogolo ndi zaka 543. Za ndalama: Kwacha sasintha kulikonse, nyamulani madola atsopano osang'ambika, makamaka a 100 chifukwa ndi amene amagulidwa bwino, ndipo posintha amafuna pasipoti. Makina a ATM amadula 220 baht kapena kuposerapo nthawi iliyonse mukatapa ndi khadi lakunja, osawerengera zomwe banki yanu idulenso.

Nyenyezi yachisanu ndaimana pa zifukwa izi. Choyamba ndi phokoso. Pa zithunzi amati malowa ndi abata, koma chipinda cha kutsogolo chimalandira zoimba za m'mabala mpaka usiku kwambiri. Thailand ili patsogolo ndi maola 5 poyerekeza ndi kwathu, ndiye tulo timavuta kale, kuwonjezapo ng'oma ija mumangotembenuka pabedi. Nditadandaula anandisamutsira kumbuyo mawa lake popanda kukangana, koma akanayenera kunena zoona pachiyambi. Chachiwiri, makina oziziritsa m'chipinda amawazimitsa m'mawa mpaka madzulo. Mvula ya masana ikakubwezani, kapena mukafuna kupumako dzuwa likaswa mtengo, m'chipindamo simukhalika, mumakakhala pansi pa fani pabalaza. Izinso sanalembe paliponse. Chikepe palibe, masitepe ndi opapatiza komanso otsetsereka, ndipo chipinda cha amayi chili pamwamba penipeni. Kadzutsa amene amamutchula pa mtengo uja ndi buledi, jamu ndi khofi wa m'paketi. Mabafa ndi ochepa, moti m'mawa pamakhala mzere. Mapepala a kuchimbudzi saponya m'chimbudzimo koma mu bini, pali kapaipi kotsukira pambali; zimenezi n'zofala kumeneko, si vuto la nyumba ino yokha.

Kwa anzanga a geni pali nkhani ina yofunika kuposa zonsezi. Dera la Banglamphu, komwe kuli hositeloyi, lilibe siteshoni ya sitima pafupi, ndipo Pratunam ili kutali ndi mtsinje. Njira yotchipa imene anandisonyeza ndi kuyenda wapansi mpaka pa doko la Phanfa, pafupi ndi kachisi wa pa phiri wa Wat Saket, n'kukwera boti la mu ngalande ya Saen Saep lomwe limakutulani pa Pratunam penipeni ndi ndalama yosafika 20 baht. Ndi lachangu, koma madzi a mu ngalandemo ndi akuda ndi onunkha, ndipo mumachita kukoka pulasitiki ya m'mbali kuti asakuthovukireni. Kupita chimanjamanja kukaona mitengo kuli bwino. Kubwerako ndi zikwama za katundu n'zosatheka, ndipo pa hositelo palibe posungira mabelo. Nditayamba kuoda ndinasamukira ku Pratunam komweko, komwe chipinda n'chodulirapo koma katundu amakufikitsirani pakhomo. Mayi a pa kauntala aja ndi amene anandiimbira foni kundifunsira malo kumeneko, chonsecho akudziwa kuti akutaya kasitomala.

Kuba sindinakumane nako. Khomo lakunja limatsegulidwa ndi khadi, usiku pamakhala mlonda, ndipo madzulo ndinkayenda ndekha kupita ku paki ya Santichaiprakan, pafupi ndi linga lakale la Phra Sumen, komwe anthu amachita masewera olimbitsa thupi moyang'anana ndi mlatho wa Rama VIII. Intaneti imagwira bwino pabalaza, m'zipinda za pamwamba imadukaduka, ndiye kuimbira kunyumba pa WhatsApp ndinkachita kutsika.

Ngati mwabwera kudzaoda basi ndipo masiku ndi owerengeka, pitani ku Pratunam mwachindunji. Ngati mukufuna kuyamba mwaona mzinda ndi ndalama zochepa, sungitsani pano, koma lembani uthenga wopempha bedi la pansi m'chipinda cha kumbuyo, ndipo mubwere ndi loko, thaulo, adaputa ndi totseka m'makutu.