Myuziyamu ya bluegrass ku Owensboro ndiyofunika kukaiona

Amene muli ku America mukadzadutsa ku Kentucky musadzaphonye Bluegrass Music Hall of Fame & Museum, ili mu tawuni ya Owensboro pafupi ndi mtsinje wa Ohio, nyumba yake yatsopano anaitsegula mu 2018. Bluegrass ndi mtundu wa nyimbo, koma dzinali ndi la udzu womwe wadzadza m'madambo odyetsera mahachi kumeneko, masamba ake ndi obiriwira bwinobwino, ndiye Kentucky amaitchula Bluegrass State. Bill Monroe, wobadwira ku Rosine mu 1911, anatcha bandi yake Blue Grass Boys, basi nyimbozo zinatengera pomwepo dzina.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi pamalo pomwe amakulola kugwira zida, pali banjo, gitala, mandolin, umatenga nkumayesa wekha palibe okukalipira. Banjo yake ndi yolemera ndithu, ya nsambo 5, ukaikhudza pang'ono imalira mokweza mpaka ndinakumbuka mabanjo achigoba cha mafuta omwe anyamata amakhoma kwathu. Mbiri ya Earl Scruggs, amene analowa bandi ya Monroe mu 1945 nkumaimba banjo ndi zala zitatu, aifotokoza bwino kwambiri moti ndinakhalitsa pamenepo.

Ngati mungathe pitani mu June, nthawi ya chikondwerero chawo cha nyimbo chotchedwa ROMP.