Ofesi ya loya imene inandithandiza kusunthitsa tsiku la mlandu ku Kasungu

Mlandu wanga ndi wa ngongole ya feteleza imene ndinatenga kwa wamalonda wina ku Santhe, ndipo chisamani chinanena kuti ndikaonekere kubwalo la majisitireti pa Kasungu Boma Lachinayi m'mawa. Kutatsala sabata imodzi, mayi anga anatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe kukachitidwa opaleshoni, ndipo wowadikirira panalibe wina koma ine. Achibale anati ndingopita kuchipatala, khoti lidzamvetsa lokha, koma mtima sunandilole, choncho ndinalowa mu ofesi ina yaing'ono ya loya pafupi ndi msika.

Chimene ndinakonda kwambiri n'chakuti loyayo sanandilonjeze zimene sangathe. Anandiuza mosabisa kuti iye angopempha, wosuntha tsiku ndi majisitireti, amene amayeza ngati chifukwa chili chomveka kapena munthu akungozengereza mlandu. Anandifotokozeranso kuti pa mlandu wa ngongole, woyankha akajomba popanda kunena, khoti likhoza kumva mbali ya wodandaula yokha n'kugamula iye palibe, pamene munthu amene ali pa belo akajomba, khoti likhoza kulamula kuti amangidwe. Anandichenjeza kuti ngakhale pempho litavomerezedwa, ndikhoza kuuzidwa kubweza ndalama zimene wodandaula wawononga pa tsikulo. Mawu amenewa anandiwawa pang'ono, koma ndinatuluka ndikudziwa pamene ndaima.

Anafuna umboni, osati mawu apakamwa okha. Ndinatulutsa m'chikwama kalata yotumizira mayi ku Lilongwe, imene inali itapindikapindika, ndipo mlembi wa mu ofesimo anaiwongola ndi dzanja patebulo asanaichite fotokope. Pempho linalembedwa tsiku lomwelo, linaperekedwa kwa kalaliki wa khoti, ndipo kope lina linapita kwa wodandaula kuti asadzidzimuke. Ndinapatsidwa lisiti la ndalama zimene ndinalipira pamodzi ndi kope langa lokhala ndi chidindo. Nditadandaula za mtengo, loyayo anandiuza yekha kuti amene sangakwanitse kulipira akhoza kupita ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndipo zimenezi zinandionetsa kuti sankangofuna ndalama zanga.

Zofooka zilipo ndithu. Ndinakhala pa benchi kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11 popanda wondiuza kuti loya ali kukhoti. Pempholo linali m'Chingerezi, ndipo anandiwerengera m'Chichewa nditachita kupempha, pamene munthu sayenera kusainira chimene sanamve. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti Lachinayi lonse, ndili pakhonde la wodi ku Lilongwe, foni ya mu ofesimo inkangoitana osayankhidwa, moti ndinagona osadziwa ngati ndagamulidwa kapena ayi. Anandiimbira Lachisanu masana n'kupepesa, n'kundiuza kuti majisitireti wavomera ndipo wapereka tsiku lina, koma wanenetsa kuti ndisadzajombe.

Kwa munthu amene tsiku la mlandu lamugwera pamodzi ndi matenda kapena maliro, ofesi imeneyi ndingamulozere, malinga akagwirizane nawo ola loti adzamuimbire. Mayi anatuluka m'chipatala, ndipo Lolemba ndibwerera ku ofesiyo ndi malisiti a ndalama zimene ndinabweza kale nditagulitsa fodya ku Chinkhoma, kuti tikakonzekere mlandu weniweniwo.