Sukulu ya Montessori kapena Sukulu Wamba: Zimene Makolo Amaona

Makolo ofunira mwana sukulu ya pulayimale nthawi zina amayenera kusankha pakati pa sukulu wamba ndi yotsatira njira ya Montessori.

Pa sukulu wamba ana a msinkhu umodzi amakhala m'kalasi imodzi, amaphunzira phunziro limodzi pa nthawi yoikika, ndipo teremu ikatha kholo limalandira lipoti la malikisi. Makolo ambiri amakhutira chifukwa amadziwa msanga phunziro limene mwana wafooka, ngakhale kuti mwana wamanyazi angathe kubisala m'chigulu osafunsa kanthu.

Njira inayo inayambitsidwa ndi Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, amene anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907. Kalasi imodzi imasonkhanitsa ana osiyana misinkhu, monga a zaka 6 mpaka 9, ndipo mwana amasankha yekha ntchito yake, n'kumaigwira nthawi yaitali mosadukizidwa pogwiritsa ntchito zipangizo zogwirika, monga mikanda yowerengera masamu. Makolo amayamikira kuona ana akuluakulu akuthandiza ang'onoang'ono, komanso mwana akukonza yekha pamalo pamene wagwirira ntchito. Chimene chimawasowetsa mtendere n'chakuti mayeso ndi ochepa, motero amangodalira zimene mphunzitsi walemba poyang'anitsitsa mwanayo.

Ine ndimaona kuti mwana amene amazengereza akasiyidwa yekha amapindula pa sukulu wamba. Osankha Montessori afunse kumene aphunzitsi anachita maphunziro a njirayi, chifukwa sukulu zina zimangogwiritsa ntchito dzinali osaitsatira mokwanira.