Habu ya Zigbee, mapulagi ndi masensa ake: ndi zabwino, bola muyambe mwaganizira za magetsi

Seti yomwe tikunena pano ili ndi habu (kabokosi kolumikiza zipangizo zonse) yaing'ono ya Zigbee 3.0, njira yolankhulirana zipangizo popanda waya, mapulagi oyatsa ndi kuzimitsa pa foni, masensa a pachitseko, sensa yomva munthu akamadutsa, ndi mababu awiri. Ndi ya mtundu wotchipa uja umapezeka m'masitolo a zamagetsi m'tauni muno. Taigwiritsa ntchito m'nyumba za njerwa kuno ku Harare, nyengo yamvula ndi yozizira yomwe, ndipo tikuipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Zipangizo zake zimamva msanga, mukadina pa foni babu limayaka nthawi yomweyo. Nyenyezi yachisanuyo yataika chifukwa kapepala ka malangizo sikanena kalikonse za chomwe chimasokoneza kwambiri netiweki yotere kuno, komwe ndi kuthimathima kwa magetsi.

Kuti mumvetse vutolo, dziwani kaye mmene zipangizozi zimalankhulirana. Zigbee si Wi-Fi. Habu yokha ndiyo imalumikizidwa ku rauta, zina zonse zimalankhula ndi habuyo. Zipangizo zomwe zimakhala pa magetsi nthawi zonse, monga mapulagi ndi mababu ambiri, zimathandizanso kupititsa uthenga wa zinzake, ngati mmene amisiri amapatsirana njerwa mpaka zifike pamwamba. Masensa a batire sapititsa uthenga wa wina. Amagona kuti batire isathe, ndipo akadzuka amalankhula ndi chipangizo chimodzi chomwe adachisankha ngati kholo lawo. Kholo limenelo likazima, sensayo yasanduka yamasiye.

Nchifukwa chake dongosolo lowonjezera zipangizo ndi lofunika. Yambani ndi habu, muiike pakatikati pa nyumba, pamalo okwera, osati mkati mwa kabati ya TV kapena kuseri kwa firiji. Italikirane ndi rauta ndi mita imodzi kapena kuposerapo, komanso ndi chilichonse cha USB 3.0, poti chimatulutsa mafunde osokoneza pa 2.4 GHz pomwe Zigbee imagwira ntchito. Kenako lowetsani mapulagi, kuyambira yapafupi ndi habu n'kumapita kutali. Masensa a batire abwere pomaliza, ndipo muwalowetse ali pamalo pomwe azikhala. Anthu ambiri amasonkhanitsa zonse patebulo pafupi ndi habu, n'kuzilowetsa zonse pamenepo, kenako n'kukamata sensa ku khomo la kukhitchini. Sensayo imakakamirabe kufuna habu yomwe tsopano ili kuseri kwa makoma atatu, pomwe pulagi ili pafupi nayo pompo.

Kalowetsedwe kake nkosavuta. Pa app tsegulani habu, dinani powonjezera chipangizo, ndipo habu imatsegula khomo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Pa chipangizocho gwirani kabatani kwa masekondi pafupifupi 5 mpaka kagetsi kayambe kuphethira mofulumira. Pa masensa a pachitseko kabataniko kamakhala mkati mwa kabowo, mufunika kachitsulo kotsegulira malo a SIM. Chotsani kaye kapulasitiki kotchinga batire, ndipo ngati sensa ikuchedwa kulowa muzidina kabataniko kamodzikamodzi masekondi angapo aliwonse kuti isagone zisanathe. Mababu alibe batani, amafuna kuzimitsa ndi kuyatsa pa switchi kangapo motsatizana mpaka babu liyambe kuphethira lokha. Chikangolowa chipatseni dzina lomveka nthawi yomweyo, monga "khomo la kukhitchini". Masensa asanu a mayina ofanana mudzavutika nawo tsiku lomwe imodzi idzasowe.

Tsopano nkhani ya magetsi ija. Nyumba zambiri zomwe zili ndi sola kapena inveta kuno sizinalumikize masoketi onse. Inveta imanyamula magetsi owunikira, TV, rauta, mwina ndi firiji, pomwe masoketi a kukhitchini ndi a m'zipinda zina amazima magetsi akapita. Ngati pulagi yomwe imanyamula uthenga wa masensa a kumbuyo ili pa soketi yozimayo, magetsi akangopita mbali yonseyo imasowa pa app, ngakhale habu ikuyaka bwinobwino. Choipa kwambiri nchakuti sensa yotaya kholo imayamba kufunafuna lina mobwerezabwereza, ndipo kufunafunako kumadya batire. Batire ya CR2032 yomwe ikanakhala chaka imatha m'miyezi yochepa, munthu n'kumati wagulitsidwa sensa yabodza pomwe sensayo ilibe vuto.

Musanalowetse chilichonse, dikirani magetsi apite, muzungulire nyumba ndi chaja ya foni, muone masoketi omwe akadali amoyo. Pamenepo ndi pomwe muike mapulagi onyamula uthenga, ngakhale palibe chomwe mukufuna kumayatsa pa soketiyo. Pulagi yongokhala, yopanda chobayapo, imagwirabe ntchito yake yopititsa uthenga. Habu ndi rauta zikhale pa inveta kapena pa ka UPS (kabatire kosunga magetsi) kakang'ono ka 12 V kaja, kokhala ndi potulukira 5 V ya habu. Magetsi akabwerera musathamangire kufufuta zipangizo zomwe zikuoneka kuti zasowa. Rauta imatenga mphindi zingapo kuti iyake, ndipo masensa ena amabwerera pakapita ola kapena kuposerapo. Kudina kamodzi kabatani ka sensa kumaidzutsa kuti ifune kholo latsopano.

Mu app muli malo osankha chomwe pulagi ichite magetsi akabwerera: iyake, ikhale yozima, kapena ibwerere mmene inalili. Pa hita, ketulo ndi ayironi sankhani yozima, osakambirana. Magetsi amatha kubwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo, hita n'kuyaka yokha pafupi ndi bulangete.

Mababu sitikuwayamikira kwenikweni m'nyumba ya anthu ambiri. Agogo kapena mwana akazimitsa pa switchi ya pakhoma monga adazolowera, babulo lafa pa netiweki, ndipo masensa omwe amadalira ilo apita nalo. Ndi bwino kusintha switchi yeniyeniyo n'kuika ya Zigbee. Koma itanani wamagetsi atsegule bokosi aone, poti nyumba zakale zambiri zilibe waya wa neutral pa switchi. Ilipo mitundu yosafuna neutral, koma yambiri mwa iyo sipititsa uthenga wa zipangizo zina, ndiye musaiwerengere pa mapulagi aja.

Za mtunda, zomwe zalembedwa pa katoni ndi za pamtetete. M'nyumba ya njerwa zowotcha ndi pulasitala, muyembekezere kuti uthenga udutsa makoma awiri, lachitatu nkukayikitsa. Chitsulo ndiye mdani wamkulu: zitseko zachitsulo, mabagala a pawindo, geti, malata. Sensa ya pa chitseko chachitsulo muikhazike pa kathabwa kapena kapulasitiki kuti isagunde chitsulo, ndipo mpata wa pakati pa sensa ndi maginito ake usapitirire sentimita imodzi chitseko chikatsekedwa. Kuti mufike ku kotchi (kanyumba) ya kuseri kapena ku geti la pa mpanda wa durawall, ikani pulagi pafupi ndi windo loyang'ana kumeneko, ina mkati mwa kotchimo.

Chipangizo chikamangosowa n'kubwerera popanda chifukwa chooneka, ganizirani za matchanelo. Zigbee ili ndi matchanelo 11 mpaka 26, onse pa 2.4 GHz limodzi ndi Wi-Fi. Manambalawo asakusokonezeni, tchanelo 11 ya Zigbee ili pafupi ndi tchanelo 1 ya Wi-Fi, osati 11. Omwe amapewa bwino matchanelo 1, 6 ndi 11 a Wi-Fi ndi 15, 20 ndi 25. Mahabu otchipa ambiri salola kusintha tchanelo, ndiye sinthani ku rauta: chotsani pa Auto, sankhani tchanelo yotalikirana ndi ya habu, ndipo m'lifupi mwake muike 20 MHz osati 40. Izi zimaoneka kwambiri m'mafulati a ku Avenues ndi m'malo omwe nyumba zili zothithikana ngati ku Highfield ndi ku Mabvuku, komwe foni imaona ma Wi-Fi a aneba ambirimbiri.

Habu yeniyeniyo ikakana kulowa pa Wi-Fi, kawirikawiri nchifukwa chimodzi mwa izi. Imangomva 2.4 GHz, pomwe marauta atsopano amaphatikiza 2.4 ndi 5 GHz pa dzina limodzi. Zilekanitseni, kapena zimitsani 5 GHz kwa kanthawi. Chitetezo chikhale WPA2, chifukwa WPA3 yokhayokha tizipangizo tambiri totere sitiidziwa. Pa foni lolani app kuona Bluetooth ndi malo omwe muli, apo ayi siipeza habu. Omwe amagwiritsa ntchito ka MiFi adziwe kuti kali ndi malire a zipangizo zomwe kangalandire, ndipo apa ndi pomwe seti iyi imapambana mapulagi a Wi-Fi: masensa makumi awiri amatenga malo amodzi okha pa rauta. Ngati ilipo habu ya waya wa Ethernet, tengani imeneyo.

Kuchotsa chipangizo nako kuli ndi njira yake. Chichotseni pa app chikadali choyaka komanso chili pa netiweki, kuti habu ichiuze kuti chituluke. Sensa ya batire muidzutse podina batani pomwe mukuichotsa. Mukangozula pulagi n'kuiponya mu dirowa, habu imaisungabe, ndipo malamulo omwe mudaika, monga oyatsa getsi la panja chitseko chikatseguka, amayamba kulephera mwakachetechete. App sikuchenjezani, muyenera kuwatsegula nokha n'kuchotsamo chipangizo chakalecho. Mukachotsa pulagi yomwe inali kholo, dzutsani masensa a mbali imeneyo. Pogulitsa kapena kupatsa m'bale habu, ichotseni pa akaunti yanu ndi kufufuta zonse, chifukwa habu yomangika ku akaunti ina imatha kukana mwini watsopano. Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, wogulitsayo aichotse inu mukuona.

Malamulo a pakati pa zipangizo za Zigbee zokhazokha ambiri amayendabe intaneti ikadula, poti amasungidwa mu habu. Uthenga wobwera pa foni mukakhala kuntchito ndiwo umafuna intaneti, choncho seti iyi musaiyese alamu yokwanira yoteteza nyumba.

Pogula yang'anani mano a pulagi. Masoketi ambiri kuno ndi a mano atatu a makona a 13 A, koma katundu wochokera ku South Africa amabwera ndi mano akuluakulu ozungulira, ndipo kubaya adaputala pamwamba pa adaputala ndiko kumabweretsa kutentha. Pa 230 V, 13 A ndi pafupifupi 3,000 W, ndipo sibwino kuikhazika pamalire amenewo kwa maola. Giza ndi pampu ya pa borehole musazidutsitse mu pulagi yotere. Pampu imakoka mphamvu yochuluka kangapo poyamba kuzungulira, ndipo timano ta relay (kaswitchi ka mkati mwa pulagi) timatha kuwotcherana, pulagi n'kumakana kuzima ngakhale app ikuti yazima. Wamagetsi aike contactor (switchi yolimba yonyamula magetsi ochuluka), switchi ya Zigbee izingoyatsa contactor imeneyo. Habu ndi rauta zikhale pa chotetezera ku magetsi okwera mwadzidzidzi mvula ya November isanayambe, poti ziphaliwali ndi kubwerera kwa magetsi ndizo zimapsereza timachaja tawo.