Munda wa kumapiri a Angónia kapena wa kuchigwa cha Zambezi?

Anthu ambiri amene apezako kandalama ku migodi ya Moatize kapena ku Joni, akafuna munda amayamba ndi kufunsa mtengo wa hekitala. Funso limenelo liyambe ladikira, abale anga, chifukwa kuno ku Mozambique nthaka sigulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu woigwiritsa ntchito, uja timati DUAT. Mungalipire nyumba, chigafa, chitsime kapena mitengo ya zipatso imene ili pamalopo, koma dothi ayi. Choncho pamene tikuyerekeza Angónia wa kumapiri ndi Changara wa kuchigwa, maboma a m'chigawo cha Tete, tikuyerekeza mvula, mbewu ndi msika.

Tiyambe ndi kumtunda: Angónia, Tsangano ndi Macanga. Mvula imayamba cha mu Novembala n'kufika mpaka Malichi kapena Epulo, nyengo ndi yozizira, ndipo chimanga chimabereka zaka zambiri popanda kuthirira. Koma chimanga chokha sichibweza ndalama imene mwalowetsa pamunda, makamaka mukagulitsa pa nthawi yokolola, aliyense ali nacho. Ndalama ili mu mbewu zitatu, ndipo zimasiyana kwambiri.

Fodya wa bale ndiye ali ndi msika wodziwika kale. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco, imene ili ndi fakitale mumzinda wa Tete, imapereka mbewu ndi feteleza pangongole, n'kudzadula pogula fodyayo. Kwa munthu wopanda mpamba zimenezi zimathandiza. Vuto ndi lakuti wogula ndi mmodzi yekha, giredi amatchula ndi iyeyo, ndipo ntchito imatenga pafupifupi chaka chathunthu, kuyambira pa nazale mpaka kusoka, kuyanika ndi kusankha masamba. Ngati mumakhala ku Tete n'kumangobwera kumunda pakutha pa mwezi, fodya musiyeni. Safuna mwini wake wa pafoni.

Mbatata ya kachewere, makamaka ku Tsangano, imabweretsa ndalama msanga, pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndipo ndi dimba labwino mutha kukolola kawiri pachaka. Imadya feteleza ndi mankhwala a chiwawu, ndiponso siisungika. Msewu ukaonongeka ndi mvula galimoto n'kulephera kufika, matumba amawolera pamunda. Amene akufuna kachewere ayang'ane kaye mtunda wochoka pamundapo kukafika pamsewu wa tala, asanayang'ane n'komwe mtundu wa dothi.

Soya ndi amene ine ndimamukonda kwa munthu woyamba kumene. Safuna feteleza wambiri, amabwezeretsa chonde m'nthaka moti chimanga cha chaka chotsatira chimaoneka kusiyana, ndipo amasungika mukuyembekeza mtengo. Opanga zakudya za nkhuku amamufuna chaka chilichonse. Komanso ku Ulónguè, likulu la Angónia, muli pafupi ndi chipata cha Calómuè ndi Dedza cha m'malire a Malawi, kotero mumamva mitengo ya mbali zonse ziwiri, ya metikali ndi ya kwacha.

Choipa cha kumtunda n'chakuti anthu ndi ambiri, minda ndi ing'onoing'ono, ndipo palibe chigawo chopanda mwini.

Tsopano kuchigwa: Changara, Cahora Bassa, Mágoè ndi mbali zina za Moatize. Kuno malo aakulu amapezeka mosavuta, ndipo ndi amene amakopa anthu. Koma dzuwa la Okutobala limapyola madigiri 40, mvula ndi yochepa komanso yosadalirika, ndipo chimanga chimapsa chisanamange ana. Zimene zimapirira ndi mapira, mchewere, chitowe ndi thonje. Mbuzi ndiye chuma chenicheni cha kumeneko, mpaka nyama ya mbuzi ya ku Tete inatchuka dziko lonse. Ngati mukufuna kuweta, chigwa chikuposa mapiri kutalitali. Ngati mukufuna kulima, pezani malo okhudza madzi, m'mbali mwa Zambezi, Revúbuè kapena Luenha, muike pampu, mulime tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi m'chilimwe. Msika wa mumzinda wa Tete ndi wa Moatize uli pakhomo, pamene mlimi wa ku Angónia ayenera kuyenda makilomita oposa 200 kuti aufike. Dziwani kuti mitsinje yomweyo imasefukira, ndipo pa Zambezi mvuu zimatha munda usiku umodzi. Pafupi ndi Moatize fufuzaninso ngati malowo sali m'dera la migodi ya malasha. Mabanja amene anasamutsidwira ku Cateme chifukwa cha mgodi cha m'ma 2009 ndi 2010 anadandaula kwa zaka zambiri za nthaka ya miyala ndi kusowa kwa madzi.

Nkhani ya mapepala ndi imodzi konsekonse, koma imapweteka kwambiri kumtunda. M'midzi yambiri ya Achewa, monga ku Macanga ndi Chifunde, munda ndi wa mbumba. Bambo amene akukulozerani malire atha kukhala mkamwini chabe, ndipo tsiku lina malume a anawo adzabwera kudzakufunsani amene anakupatsani. Kalata ya amfumu ndi mboni ndi chiyambi chabwino, koma siikwanira kwa mlendo. Lamulo limateteza amene analandira malo mwa mwambo, komanso nzika imene yalimapo mwachilungamo kwa zaka 10, ngakhale alibe pepala lililonse. Inu wobwera muyenera kupempha DUAT kudzera ku boma, ndipo anthu a m'deralo amafunsidwa kaye pamsonkhano. Chilolezo choyamba ndi cha zaka 5 kwa nzika ndi zaka 2 kwa munthu wa dziko lina, ndipo mukapanda kuchita zimene munalonjeza amatha kukulandani. Cholimira malonda chimafika zaka 50, n'kutheka kuonjezera.

Munthu wa mpamba wochepa, ine ndingamuuze atenge mahekitala awiri kapena atatu kumtunda okhala ndi kadimba, asinthanitse soya ndi chimanga, kusiyana ndi mahekitala makumi awiri ouma ku Changara. Ndipo asanapereke ndalama ya chigafa kapena mitengo kwa aliyense, abwereke kaye mundawo nyengo imodzi, aone mmene madzi amayendera mu Febuluwale, amvenso zimene achibale a mwini munda akunena.